Kukonzekeretsa Land Rover yakale mvula isanagwe

Land Rover ya Series III, yomwe inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ikadalipo kuno ku Kasungu. Ina ikututabe mabelo a fodya kupita ku Chinkhoma, ina ili khale kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi kawirikawiri si zaka, koma oyilo ndi matope. Galimotoyi ili ndi malo 10 othirapo oyilo, koma eni ake ambiri amadziwa amodzi okha, a injini.

Miyeso ili m'munsimu ndi ya injini ya malita 2.25 ya masilinda 4, ya petulo kapena dizilo, kaya galimoto ndi yaifupi ya 88 kapena yaitali ya 109 (manambalawa ndi mainchesi a pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo). A Hilux ndi Land Cruiser zakale za masipuling'i amasamba atolapo zambiri, koma asatengere miyesoyi. Nthawi yabwino ndi Okutobala, pansi pakadali pouma. Patulani masiku awiri.

Zofunika kukhala nazo

Oyilo wa magiya wa EP90 malita 10, makamaka wolembedwa GL-4, chifukwa mu giyabokosi muli zitsulo za mkuwa zomwe oyilo wina wa GL-5 amazidya pang'onopang'ono. Oyilo wa injini malita 8, wa 20W-50 ngati ndi ya petulo, wa 15W-40 ngati ndi ya dizilo. Onjezani fyuluta ya oyilo ndi ya mafuta, girizi ndi pampu yake, botolo la DOT 4 la mabuleki, palafini wotsukira, nyundo yaing'ono, ndi kapayipi kothirira oyilo m'malo opanikiza.

Pa masipanala musanyengerere. Mabawuti ambiri pa galimotoyi ndi a mainchesi, ndipo 7/16, 1/2 ndi 9/16 ndiwo mudzawagwira tsiku lonse. Sipanala ya 14 silowa pa nati ya 9/16, ya 15 imangopolama n'kuidya makona, kenako pamabwera tchizulo ndi nyundo, ntchito ya mphindi zisanu n'kukhala ya masana onse. Pa giyabokosi pali enanso a Whitworth. Ya ma nati a mabering'i a matayala ndi bokosi ya 52.

Musanalowe pansi dziwani ichi: handibuleki ya Land Rover sigwira matayala, imagwira shafti kuseri kwa transifa, bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Mukanyamula tayala limodzi lakumbuyo, galimoto itha kuyenda handibuleki ili chikokere. Pingani matayala otsalawo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mukaikweza ndi jeke isanjikeni pa zipika za mtengo wolimba. Njerwa ayi, zimaphwanyika osachenjeza.

Choyamba, tchesi

Yambirani pano chifukwa ndalama zothira pa injini n'zotaya ngati tchesi yatha. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, sichita dzimbiri, ndiye imanamiza: kunja ioneka yamoyo pamene mafupa adafumbwa kalekale. Tchesi ndi yachitsulo, yopangidwa ngati bokosi, ndipo imadyeka kuchokera m'kati momwe mumakhala matope onyowa.

Tsukani pansi ponse, mulowetse payipi ya madzi m'mabowo a tchesi mpaka otulukawo ayere. Ikauma, yendani ndi nyundo mukugogoda. Chitsulo chamoyo chimalira ngwe, chofumbwa chimangoti phu ndi kugwetsa makoko. Limbikirani pa mtanda wakumbuyo pomwe pamakhala chokokera, pa timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, kutsogolo pomwe pamangidwa masipuling'i ndi bampala, ndi pansi pa mapazi a dalaivala. Khoma lolekanitsa injini ndi anthu nalonso ndi lachitsulo, limaola m'makona a pansi pa windisikirini ndi m'mizati ya zitseko.

Pomwe paboola, wowotcherera adule chofumbwa chonse mpaka afike pa chitsulo chowala, aikepo chigamba cha mamilimita 2.5 kapena 3. Kuphimba chigamba pamwamba pa dzimbiri ndiko kumene ambiri amachita pothamangira COF, koma dzimbirilo limapitiriza kudya pansi pake. Asanayatse makina, chotsani mawaya a batire, ndipo kumbukirani kuti pa zambiri thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala. Mukamaliza pakani penti, m'kati mwa tchesi mupoperemo oyilo.

Muli pompo, onani masipuling'i. Tsamba lothyoka limaoneka ndi mzere wa dzimbiri wofiira. Galimoto ikamayenda chammbali ngati nkhanu, bawuti yapakati pa sipuling'i yaduka ndipo ekiselo yasuntha. Mukasintha mabushi, mabawuti ake muwamange komaliza galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake konse. Mukawamanga ili m'mwamba, labala imapotoka ndipo singathe nyengo imodzi ya mvula.

Chachiwiri, timphuno topumira

Pamwamba pa ekiselo iliyonse pali kanthu kamkuwa kochepa ngati chala, kotulutsa mpweya ekiselo ikatentha. Kanthu kameneka kakatsekeka ndi fumbi, mpweya umasowa kolowera, umakankha oyilo kudzera m'masilo a matayala, oyilo n'kukathera pa mabuleki. Anthu amasintha silo kawiri katatu, ikudonthabe, osadziwa kuti vuto lili pamwamba. Kamasuleni, mukaviike m'palafini, mukagwedeze. Kampira ka m'kati kazimveka kakulira.

Kwa amene amaoloka madzi pafupipafupi, kumadambo a kwa Chulu kapena m'njira zotsikira ku Bua ndi Dwangwa, ndi bwino kuchotseratu kamphunoko n'kuikapo kapayipi kokwera mpaka m'chipinda cha injini, kukamwa kwake kutaloza pansi. Chifukwa chake n'chakuti ekiselo yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umafota, ndipo imayamwa chilichonse chili pakamwa pake.

Chachitatu, ma oyilo apansi

Yendetsani galimoto makilomita angapo kuti oyilo afewe, muiimike pamalo osapendekeka. Lamulo losasintha: masulani kaye chotsekera chothirira, kenako chokhuthulira. Mukayamba ndi chapansi, chapamwamba n'kukana, mwatsala ndi galimoto yopanda oyilo pabwalo.

Giyabokosi imalowa lita 1.5, transifa malita 2.5, difu (bokosi la magiya la pa ekiselo) yakutsogolo lita 1.75. Yakumbuyo pa 88 ndi chimodzimodzi, koma pa 109 pali difu yaikulu ya Salisbury, ya chivundikiro kumbuyo, yomwe imalowa pafupifupi malita 2.5. Paliponse thirani mpaka oyilo ayambe kubwerera pabowo lothirira la m'mbali.

Oyilo wakaleyo musamutaye musanamuwerenge. Akaoneka ngati tiyi wa mkaka, mwalowa madzi, ndipo mabering'i ayamba kale dzimbiri. Tizitsulo tosalala ngati ufa ndi kutha kwa masiku onse. Koma tizidutswa tomveka pakati pa zala ndi mano a giya, ndipo bokosilo likufuna kutsegulidwa lisanakusiyeni panjira. Mukapeza giyabokosi ili ndi oyilo wochepa pamene transifa ikusefukira mutangomasula chotsekera, silo ya pakati pa ziwirizi yatha ndipo oyilo akusamukira kumbuyo. Galimoto itha kuyendabe, bola muzionjezera mu giyabokosi ndi kuchepetsa mu transifa mwezi ndi mwezi mpaka mutakonza.

Tsopano mipira iwiri yachitsulo yonyezimira yomwe ili kuseri kwa matayala akutsogolo. M'kati mwake muli joini yomwe imalola tayala kukhota likukoka, ndipo mbali iliyonse imalowa theka la lita ya EP90. Pukutani mpirawo, muuyendetse chala. Ukakhala wosalala, kudontha kumatha ndi silo yatsopano. Ukakhala ndi timaenje ta dzimbiri, umang'amba silo iliyonse yomwe mungaike. Timaenje tochepa mutha kutipala ndi sandipepa yosalala, kutidzaza ndi guluu wa zitsulo wosakaniza pawiri, n'kusalaza. Ukachita ngati nthomba, mpirawo ngofunika wina.

Amakaniko ena amangodzazamo girizi wamba kuti kudontha kuleke. Kumalekadi, koma pini yapamwamba imadalira oyilo womwazidwa ndi joini ikamazungulira. Girizi wouma safika kumeneko, pini imadyeka, chiwongolero n'kuyamba kunjenjemera mukangogunda bampu. Pa chifukwa chomwechi, ngati galimoto ili ndi ma hub omasula (olekanitsa matayala akutsogolo ndi mashafti ake), muziwatseka kamodzi pa sabata n'kuyenda makilomita angapo, ngakhale osaika fowilo, kuti zam'kati zizungulire.

Malo awiri otsala ndi a chiwongolero. Bokosi lake lili ndi chotsekera pamwamba ndipo limalowa kota ya lita. Ena ndi rile, yolumikiza ndodo za chiwongolero, yokwiriridwa mu mtanda wakutsogolo kufupi ndi rediyeta, yomwe pa galimoto zambiri sinalawepo oyilo chichokereni ku fakitale. Masulani timabawuti tiwiri toyang'anizana pa chivundikiro chake chapamwamba, muzidonthezera oyilo pabowo limodzi mpweya ukutulukira linalo. Imamwa mwaulesi, ndiye muzithira pang'ono, kukagwira zina, kubweranso. Musamasule onse pofuna kuona m'kati, muli sipuling'i yamphamvu yotha kuvulaza.

Malizani ndi girizi pa majoini a mapuropela shafti onse awiri, mpaka watsopano atulukire m'makona onse anayi. Gwedezani shafti ndi manja. Ikamagogoda, joini yatha. Ma nati ake a 9/16 amakonda kumasuka okha.

Chachinayi, matayala ndi mabuleki

Kwezani tayala, mugwire pamwamba ndi pansi, mugwedeze. Likamasewera, wina aponde buleki inu mugwedezenso. Kusewera kukatha, ndi mabering'i. Kukapitirira, ndi mapini a mpira uja, ndipo pamafunika kuchotsa timawashala topyapyala pansi pa pini yapamwamba kapena kusintha bushi yake.

Mabering'i amamangidwa ndi ma nati awiri okhala ndi washala wopinda pakati. Mangani yam'kati mukuzunguza tayala mpaka ilimbe, muibweze pang'ono kuti tayala lizungulire momasuka ndi kampata kosaoneka ndi maso, ka 0.05 mpaka 0.10 ya milimita. Ikani washala watsopano, mangani yakunja, mupinde washalayo mbali zonse ziwiri. Yesaninso, chifukwa nati yakunja ikalimba imachepetsa kampata kaja.

Wina azigwedeza chiwongolero uku ndi uku matayala ali pansi, inu mukuyang'ana majoini onse 6 a ndodo zake. Yodumpha kapena yong'ambika labala isinthidwe, siyokambirana.

Mabuleki ndi a ng'oma matayala onse anayi. Vulani ng'oma iliyonse. Fumbi lake musalipemerere ndi pakamwa, lipukuteni ndi nsanza yonyowa. Mashuzi onyowa ndi oyilo ngotaya. Kuwawotcha ndi petulo kumangoumitsa pamwamba, akatentha oyilo amatulukanso, galimoto n'kumakokera mbali imodzi poima. Tukulani labala wa silinda iliyonse, mukapeza chinyezi ndiye kuti ikudontha.

Pa ng'oma za mainchesi 10 za 88 pali polakwika potchuka. Sipuling'i yapamwamba imakoka shuzi yakutsogolo yokha kuchokera pa kamtengo ka pa mbale ya kuseri kwa ng'oma, silumikiza mashuzi awiri. Mukailumikiza, buleki imafuna kupopa kawiri isanagwire, ndipo mudzatulutsa mpweya mpaka botolo kutha popanda kusintha kanthu.

Posintha mafuta a mabuleki, zaka ziwiri zilizonse, bwezani kaye zosinthira mashuzi zonse kuti masilinda atsekeke, mpweya usowe pobisala. Izi n'zofunika kwambiri pa 109, yomwe ili ndi masilinda awiri pa tayala lililonse lakutsogolo. Mukatulutsa mpweya, zunguzani chosinthira kuseri kwa mbale mpaka tayala ligwire, mubweze pang'ono mpaka lizungulire likungokhudza.

Chachisanu, injini

Oyilo pamodzi ndi fyuluta amalowa pafupifupi malita 7. M'fumbi la kuno, sinthani pa makilomita 5,000 aliwonse. Fyuluta ya mtundu wakale ndi ya pepala m'chitini, ndipo pamwamba pake pali mphete ya labala yomwe imakanirira m'ngalande. Ikolowoleni ndi kawaya. Mphete yatsopano ikakhala pamwamba pa yakale, oyilo yense amathera pansi injini ikangolira.

Chosefera mpweya n'cha oyilo. Tsegulani, mutaye matope apansi, mutsuke ndi palafini, muumitse, muthire oyilo wa injini kulekeza pa mzere. Miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula, muzichiona sabata iliyonse ngati mumayenda misewu ya ku Chamama kapena Wimbe. Mukadutsitsa mzere pa ya dizilo, injini imayamwa oyiloyo n'kuthamanga yokha.

Mavavu onse 8 mpata wake ndi 0.25 ya milimita. Werengani kuchokera kutsogolo. Zunguzani injini ndi dzanja mpaka vavu ya 8 itsikiretu, musinthe ya 1. Ya 7 ikatsika sinthani ya 2, ya 6 ikatsika ya 3, choncho mpaka kumapeto, manambala awiriwo nthawi zonse akaphatikizidwa azikwana 9. Vavu yolira pang'ono ilibe vuto, yothina ndi imene imapsa.

Pa ya petulo, mapointi akhale 0.35 mpaka 0.40, mapulagi 0.75 mpaka 0.80, ndipo mawaya amatsatana 1, 3, 4, 2. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amafewetsa mapayipi akale a labala ndi kachikopa ka mu pampu ya mafuta. Oyilo wa injini akamanunkha petulo komanso akuchuluka yekha, kachikopako kabooka. Chivundikiro cha distribyuta chong'aluka chimayenda bwinobwino m'chilimwe, n'kudzakuzimitsirani pa chithaphwi choyamba cha Disembala.

Pa ya dizilo mdani ndi madzi ndi mpweya. Pampu yake ya CAV imadzozedwa ndi dizilo yemweyo, ndiye madzi pang'ono a m'chigubu amaikanda m'kati, ndipo kukonzetsa kwake ndi ulendo wa ku Lilongwe. Dizilo wa m'zigubu muzimusiya adikhe usiku wonse, muthire kudzera pansalu, wapansi mumusiye. Mukasintha fyuluta, tulutsani mpweya motere: masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, mupope ndi kamkono ka pampu yaing'ono ya m'mbali mwa injini mpaka thovu lithe, mumange. Chitani chomwecho pa timabawuti tiwiri ta pa pampu yaikulu. Kenako masulani pang'ono mapayipi a pa manozo, muzunguze ndi sitata mpaka dizilo athovoke, mumange, mulize. Kamkono kakamangoyenda kopanda mphamvu, zunguzani injini pang'ono ndi dzanja. Manja akhale kutali ndi dizilo wothovokayo, amaboola khungu.

Mahita, mapulagi otenthetsa injini ya dizilo isanalire, analumikizidwa mondondozana, ndiye imodzi ikapsa onse amafa. Injini ikamavuta kulira m'mamawa wa Juni, yambani mwayeza amenewo musananene pampu.

Za madzi. Rediyeta itsukeni kunja kuchokera kumbali ya injini, kuti njere za udzu ndi tizilombo zitulukire komwe zinalowera. Madzi a pa mjigo ambiri amasiya miyala yoyera m'timapayipi, monga momwe amachitira mu ketulo. Thirani madzi a mvula osefa kapena oyera othira mu batire (osati asidi), osakaniza ndi kulanti, malita pafupifupi 8 onse pamodzi. Ndipo themositati ibwerere m'malo mwake. Chizolowezi choichotsa poti kuno n'kotentha chimangobisa rediyeta yotsekeka, injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndi kutha msanga. Fanibelo ikhale yoti mukaidinikiza ndi chala pakati itsike ngati sentimita imodzi.

Chachisanu ndi chimodzi, kuyesa fowilo

Chitani izi pa msewu wadothi, osati pa M1. Galimotoyi ilibe difu yapakati, ndiye pa tala matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana pokhota, mphamvuyo n'kuthera pa mashafti ndi magiya. Pa chifukwa chomwecho matayala onse anayi akhale a saizi imodzi.

Tsekani ma hub ngati alipo. Dinikizani chitsulo cha mutu wachikasu, imeneyo ndi fowilo ya liwiro. Kuti ichoke, imani, kokerani chitsulo cha mutu wofiira kumbuyo, chachikasu chidumphe chokha, mubwezere chofiira kutsogolo. Chofiira chikakhala kumbuyo muli mu magiya amphamvu ndipo fowilo imalowa yokha. Chachikasu chikakana kudumpha, kawirikawiri ndi matope ndi dzimbiri pa timitengo tosinthira kutsogolo kwa transifa. Vulani kachivundikiro kake, mutsuke, mupake girizi. Chikakaniratu mutayenda pouma, bwererani m'mbuyo mamita angapo kuti magiya amasuke.

Chofooka chodziwika pa 88 ndi mashafti a m'kati mwa ekiselo yakumbuyo. Amaduka tayala likamazungulira mwaliwiro m'matope n'kugwira mwadzidzidzi pouma, kapena dalaivala akamasiya kilatchi mwankhanza atasenza matumba a feteleza opyola muyeso. Mudzamva kuti thwa, injini ikulira koma galimoto osasuntha. Dinikizani chachikasu, matayala akutsogolo akufikitsani kunyumba pang'onopang'ono. Musangosomeka shafti ina: tulutsani difu, muchotse chidutswa chotsalira ndi tizitsulo tonse, musinthe oyilo. Posunga yapadera dziwani kuti yakumanja ndi yakumanzere n'zosiyana kutalika. Mukaisolola n'kuona mano ake ayamba kupotoka, isintheni isanaduke.

Pansi pa nyumba ya fulaiwilo pali bowo lotulutsira oyilo wodontha, ndipo chotsekera chake chimasungidwa pa kachitsulo pambali pake. Chimangeni pabowopo mukamakalowa m'madzi akuya kapena m'matope a makande, kuti asafike pa kilatchi. Mukabwerako chichotseni, apo ayi oyilo adzaunjikana n'kunyowetsa kilatchi yomweyo.

Mukaoloka, yendani pang'ono phazi lili pa buleki mopepuka mpaka ng'oma ziume, chifukwa zonyowa sizigwira n'komwe. Ndipo tsiku lililonse lomwe madzi afika pakati pa matayala, m'mawa mwake musanalize injini masulani pang'ono zokhuthulira za ma difu, transifa ndi mipira yakutsogolo. Madzi amakhala atadikha pansi pa oyilo, ndiye ndiwo amayamba kutuluka. Akatuluka oyera okha, mangani oyilo akangoyamba kubwera, muonjezere pamwamba. Akatuluka a mtundu wa tiyi uja, khuthulani yense muthire watsopano.